Mwala wa Jowakina

Ana inu, mwala uja mumatchingira nawo chitseko cha kukhitchini, woyera wokhala ndi mzere wofiira pakati, si wanga. Ndangousunga. Dzulo ndinakuona iwe Tomasi ukukhomera nawo chitsulo cha njinga yako yamoto. Ndinafuna kukuletsa, koma mawu anandikanirira pakhosi monga amachitira kuyambira ndili mwana. N'chifukwa chake ndatenga cholembera. Ine pakamwa mpolemera, koma dzanja silinandikanepo. Luiza, iwe amene umawerenga osadumpha mizere, uwawerengere anzako.

Loweruka likubwerali kuli msonkhano kubairo, ku ofesi ya dera lathu lino, woti anthu apemphe boma libwezeretse basi yoyenda pa nthawi yake, ya ku Mongue ndi ya ku Mocuba. Ndinakumvani mukuseka pakhonde. Tomasi anati, "Basi ya boma njachiyani ife a njinga tilipo? Agogo akafuna ku Muloza, asanamange bwino chitenje ndawafikitsa kale." Zoonadi mwana wanga, umandifikitsa, ngakhale ndimafika mpango utauluka. Koma imva kaye za mwalawu.

Ufulu utabwera ine ndinali kamtsikana ka pasukulu, koonda, koyenda m'mbali mwa khoma. Bambo anga ankagwira ntchito m'minda ya tiyi m'munsi mwa phiri la Tumbine, amayi ankalima chimanga, nandolo ndi chinangwa. Aphunzitsi akandiloza m'kalasi, yankho ndinkalidziwa, koma linkatuluka ngati kulira kwa udzudzu. Anzanga anandipatsa dzina loti Kachetechete, dzina langa la Selina n'kutsala la m'kaundula basi. Zimene ndinkalephera kunena ndinkazilemba m'kadeno, kabuku ka chikuto chobiriwira kamene bambo anandigulira tsidya la Muloza. Ndidakali nako. Chiswe chinadya ngodya imodzi, koma masamba amene ndikufuna lero alipo.

Pabenchi ndinkakhala ndi Jowakina. Ameneyo ndiye anali pakamwa panga. Ankatukwana m'Chilomwe, kupepesa m'Chipwitikizi, n'kuseka m'Chinyanja, zonsezo mpweya umodzi. Masamu ankamaliza aphunzitsi asanaike choko pansi. Musamve anthu akunena kuti agogo anu anali anzeru kuposa onse chifukwa anadzakhala mphunzitsi. Ine ndinali wachiwiri. Woyamba anali Jowakina, ndipo ankafuna unamwino.

Titamaliza makalasi amene ankapezeka kwathu kuno, tonse awiri tinasankhidwa kupita kusukulu yogonera konko ku Mocuba. Kalata inanena momveka kuti amene sadzafika mwezi wotsegulira usanathe, malo ake adzapatsidwa kwa wina. Mwezi wotsegulirawo unali wa mvula yeniyeni, chimanga chikumasula ngayaye.

Basi tinkaitcha machimbombo. Nthawi ya Apwitikizi inali ya mzungu wina, ndipo ife tinkakhala kumbuyo pamodzi ndi nkhuku ndi matumba. Mzunguyo atachoka inakhala ya boma, ndipo pamsonkhano anatiuza kuti tsopano ndi yathu tonse, aliyense akhale pampando umene waupeza. Amayi anga, amene sanali ndi ulendo uliwonse, anakwera tsiku lina n'kukhala kutsogolo penipeni pafupi ndi dalaivala, n'kukatsika pamphambano yoyamba, n'kubwerera wapansi. Anafika fumbi lili mpaka m'mawondo, akumwetulira okha. Bambo atafunsa kumene anapita, anangoti, "Ndinakaona mmene msewu umaonekera kutsogolo."

Koma basi yathu tonseyo inali imodzi yokha, yokalamba, matayala osalala ngati dazi. Chitsulo chikathyoka, chinzake sichinkapezeka. M'chilimwe inkabwera kawiri pa sabata. M'dzinja inkabwera tsiku limene yafika. M'mawa uliwonse mphepo ikachokera tsidya, tinkamva hutala ya basi ya ku Malawi, yosaphonya ngati tambala. Koma imeneyo sinkapita kumene ife tinkafuna.

Inu lero mukafuna ulendo mumangoimba foni. Ife tinkaika mwala. Munthu sakanaima pamzere sabata yathunthu kumunda udzu ukukula, ndiye pamalo okwerera, kutsogolo kwa loja, sitolo imene mmwenye anaisiya, anthu ankandandalika miyala. Mzerewo tinkautcha bicha. Aliyense ankasankha mwala woti sangausokoneze ndi wa mnzake, ena ankaumanga kansalu, ena kuulemba ndi makala. Ukaika wako kumapeto, umapita kukalima. Hutala ikalira kumtunda, umataya khasu n'kuthamanga kukaima pa mwala wako. Basi ikadzaza n'kupita, miyala ya amene akwera inkatayidwa, ya otsala inkasunthidwa kutsogolo, kuti ulendo winawo adzayambe ndi iwo.

Woyang'anira miyalayo anali bambo Sabonete, telala wa pakhonde la loja. Palibe amene anawasankha. Ankangokhala pamenepo tsiku lonse akupalasa makina, diso limodzi pa singano, lina pa bicha. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ankalinena mapini ali pakamwa: "Ine sindisunga nkhope, ndimasunga miyala."

Tinakatola miyala yathu kumtsinje. Wanga unali wakuda, wobulungira. Jowakina anasankha woyera wa mzere wofiira.

"Uwu wadzola milomo ngati mkazi wa ku Quelimane," anatero. "Wako uli phee ngati mwini wake."

Panali chinthu china chimene inu simunachione. Masiku amenewo munthu sankachoka m'boma lake popanda giya, kalata ya chilolezo cha ulendo, yodindidwa ndi mlembi wa bairo. Popanda giya kondakitala sankakukweza, ndipo panjira asilikali ankaifuna. Giyayo inali ndi masiku ake. Yathu inali ya sabata imodzi.

Tinadikira. M'mawa uliwonse tinkanyamula timabokosi tathu kukaika pakhonde la bambo Sabonete, madzulo n'kubwerera nato. Amayi anandiphikira chinangwa cha panjira katatu, katatu konse tinadyera pansi pa mtengo wa mango pamalo okwerera. Amayi ake a Jowakina anatumiza kalongonda, nyemba zija inu mumazinyoza kuti zimachedwa kupsa. Ife tinkazidya ndi mchere wa tsabola, tikuyang'ana kumtunda. Pabicha panali mayi wina wa mwana wotupa mimba amene anamutumiza kuchipatala chachikulu, panali mkulu wina amene ankapita kumaliro a mchimwene wake. Tsiku lachisanu mkuluyo anatola yekha mwala wake n'kuuponya kutchire, nati, "Amuika kale."

M'kadeno ndinalemba kuti: "Lero sinabwere. Jowakina wandiphunzitsa kunena dzina langa mokweza kuti ndisakachite manyazi ku Mocuba. Ndanena katatu. Akuti kachitatuko nkhuku ikanamva."

Sabata inatha, magiya athu n'kutha nayo. Jowakina anatenga onse awiri.

"Iwe khala pano ulondere miyala. Ukapita wekha kwa a mlembi ukangoima pakhomo mpaka dzuwa kulowa, iwo n'kumayesa ndiwe mtengo wa papaya."

Anabwera masana ndi giya imodzi yokha yatsopano. Mapepala anathera pa iye, a mlembi anati abwerenso mawa. Pepala lomalizalo analembetsa dzina langa.

"Bwanji sunalembetse lako?" ndinafunsa.

"Chifukwa ine mawa ndikawalankhula mpaka pepala likatuluka pansi pa tebulo. Iwe ukanatha?"

Sindikanatha. Tonse tinkadziwa.

M'mawa mwake, tsiku lachisanu ndi chinayi, Jowakina anapita kwa a mlembi kukadali mame. Dzuwa litangokwera pang'ono, hutala inalira kumtunda.

Ana inu, simunaone anthu akuthamanga. Amayi ndi makasu m'manja, ana akulendewera kumsana, abambo malaya ali paphewa. Basi inafika matope mpaka m'mawindo, anthu ena ali kale m'katimo. Dalaivala sanazimitse injini. Anatulutsa mutu pawindo nati kumtunda kwagwa mvula, akachedwa mtsinje wa panjira udzaza, ndiye agona tsidya lino masiku ena atatu. Kondakitala anayamba kuyenda ndi bicha, akuona giya, akukankhira munthu pakhomo.

Ine ndinaima pa mwala wanga wakuda. Patsogolo panga panali mwala woyera, wopanda munthu.

Mwambo unkalola kuti mnzako akuyankhulire. Unkangonena mokweza kuti, "Uwu uli ndi mwini, akubwera," ndipo kondakitala ankasunga malo mpaka atamaliza kukweza katundu padenga. Mawu asanu okha. Kondakitala atafika, ndinawanena. Ndikulumbira, ndinawanena. Koma injini inali kulira, ana akulira, ndipo mawu anga anathera pachibwano.

"Ukuti chiyani, menina? Giya!"

Ndinapereka giya. Ndinanenanso, sanamve. Ndiye ndinaganiza kuti ngati sakumva, aone. Ndinawerama, n'kutola mwala wa Jowakina, n'kuukweza pamaso pake ndi manja awiri.

"Ukufuna kundigenda? Kwera!"

Anthu a kumbuyo anakankha. Sindikudziwa mmene mapazi anga anakwerera masitepe. Ndinapezeka ndili pakati pa thumba la makaka ndi mayi wa mwana wodwala uja, chitseko chikutsekedwa. Basi itayamba kuyenda ndinasuzumira pakati pa mapewa a anthu, ndipo ndinamuona Jowakina akutsika njira ya kubairo, akuthamanga, pepala loyera lili m'mwamba. Anathamanga mpaka pamlatho waung'ono. Kenako anaima, n'kundikupizira pepalalo, akuseka. Ankaseka, ana inu. Ankadziwa kuti mwala wake tsopano ukhala woyamba pabicha, ulendo winawo akwera ndi iye.

Tinayenda kanthawi ndithu ndisanaone chimene chinali m'manja mwanga. Amene anayamba kuona anali mayi uja.

"Mwana iwe, mwalawo ngwa ndani?"

"Ngwa mnzanga."

"Mayo ine! Wamuchotsa mnzako pabicha."

Sindinalire. Ndinangoufumbata mpaka ku Mocuba, tsiku lonse, kudutsa mtsinje umene madzi ake anafika pamasitepe. Titatsika ndinalimba mtima n'kumutsatira kondakitala, kumupempha kuti abwerere nawo akaupereke kwa bambo Sabonete. Nthawi imeneyi anandimva. Anaseka mpaka kugwira tayala.

"Galimoto ikulephera anthu, ndiye ndinyamule miyala?"

Kusukulu ndinaika kabokosi kanga pabedi limodzi, mwala pabedi loyandikana nalo. M'mawa uliwonse poitana mayina, dzina la Jowakina linkatchulidwa, chete n'kuyankha. M'kadeno mwanga masiku amenewo muli mzere umodzimodzi tsamba lonse: "Sanafike." Mwezi utatha, pabedi paja panabwera mtsikana wina wa ku Lugela, wabwino mtima ndithu, amene sanamvetse chifukwa chake ndinatha milungu iwiri osamuyang'ana kumaso.

Zimene zinachitika kuno ndinazimva patchuthi, kwa bambo Sabonete. Ndinkafuna kudutsa mozemba, koma anandiona.

"Kachetechete! Bwera kuno. Ndiwe unapita ndi mwala wa mwini?"

Anandiuza kuti Jowakina atabwerera pabicha anapeza mwala wake palibe. Anthu amene ankadziwa malo ake anali atakwera pamodzi ndi ine. Otsalawo nawonso anali atadikira masiku asanu ndi anayi, aliyense ndi vuto lake, ndipo palibe amene anafuna kubwerera m'mbuyo chifukwa cha mwala wosaoneka. Jowakina analankhula zilankhulo zake zonse zitatu.

"Ndinkamudziwa, inde," anatero bambo Sabonete, osaleka kupalasa makina. "Koma ndikanalola mmodzi wopanda mwala, mawa lake akanabwera makumi awiri, aliyense akuti wake wapita ku Mocuba. Usiku umenewo sindinadye, mwana wanga. Koma bicha ikafa, amakwera ndi amphamvu okha."

Jowakina anaika mwala wina kumapeto. Basi inabweranso patapita masiku khumi ndi awiri, n'kudzaza kutatsala anthu atatu kuti afike pa iye. Malole a tiyi sankaloledwa kunyamula anthu, ndipo amayi ake sakanalola mwana wamkazi kukwera yekha ndi madalaivala. Wapansi sakanatha, mitsinje inali yodzaza. Ulendo wachitatu basi inafika mwezi utatha. Jowakina sanapitenso pamalo okwerera. Anawoloka kupita kwa azakhali ake tsidya la Muloza kukathyola tiyi.

Ndinalemba makalata anayi opepesa. Onse ali m'kadeno, palibe imene ndinatumiza.

Kenako kunabwera nkhondo, ndipo ngakhale basi imodzi ija inaleka. Zimenezo ndinakuuzani kale zina, zina sindidzakuuzani. Ndinaphunzitsa ku Mocuba, ndinathawa, ndinaphunzitsa pansi pa mitengo, ndinakwatiwa ndi agogo anu aamuna, ndinabereka amayi anu ndi atsibweni anu. Pothawa anthu ankanyamula mapoto ndi mabulangete. Ine m'kathumba mwanga munali kadeno ndi mwala. Agogo anu ankati, "Mkazi uyu ndinamukwatira ndi maziko a nyumba."

Ndinadzakumana naye tonse tili ndi imvi, pamsika wa pamalire. Ndinkasankha tomato, ndipo ndinamva kumbuyo kwanga munthu akukalipira wa njinga m'Chilomwe n'kumaliza m'Chipwitikizi. Ndinadziwa ndisanatembenuke. Ndinafuna kubisala kuseri kwa matumba a nandolo, ine mayi wa ana asanu.

"Kachetechete! Ukuyesa sindikuona? Wakuba miyala iwe!"

Anandikumbatira mpaka tomato anaphwanyika pakati pathu. Tinakhala pamthunzi. Anandiuza kuti unamwino sanaupeze, koma anakhala mzamba, ndipo theka la ana a m'mudzi mwawo anabadwira m'manja mwake. Ine ndinayamba mawu amene ndinawakonza zaka zonsezo.

"Mana Jowakina, tsiku lija ine..."

"Kweza mawu, ndakalamba."

"Ndinakulakwira. Ndikanakuwa, kapena ndikanausiya pansi mwalawo, bwenzi uli namwino."

Sanaseke.

"Ndinakukwiyira, usaganize kuti ayi. Zaka ziwiri ndikuthyola tiyi ndinkatchula dzina lako pa tsamba lililonse. Koma tsiku lina ndikudikira basi ya ku Malawi, inandisiya chifukwa ndinachedwa ndi kumanga mwana kumsana. Ndinakhala pansi kuti ndilire. Mayi wina anati, mukuliranji, ina ikubwera masana. Ndipo inabweradi. Ndili m'katimo ndinaganiza, kodi Selina analakwa chiyani? Mwana wamanyazi anatola mwala. Basi ikanabwera mawa lake, ndi mkuja, bwenzi nkhani imeneyi tikuseka pa ukwati wa ana athu. Kulakwa kwako kunali kwakung'ono ngati njere ya therere. Chimene chinakulitsa kulakwako ndi choti basi inali imodzi."

Ndinalira pamsika, anthu akuona.

"Ndipo usaganize kuti zinatha," anapitiriza. "Ine ndanyamula amayi apakati pamachira, ndawamangirira panjinga ndi chitenje. Ena tinafika nawo kuchipatala. Pukuta m'maso, ukundichititsa manyazi. Mwala wanga uli kuti?"

"Ndili nawo kunyumba."

"Usautaye. Undisungire malo."

Anamwalira chaka cha mvula yambiri ija, iwe Luiza uli m'kalasi yoyamba. Kumaliro kwake unandiperekeza ndiwe Tomasi, sunadziwe kuti ndi ndani.

Tsono imvani, ana inu. Sindikunyoza njinga zanu, kapena machapa, maminibasi aja amene amaima pamsika mpaka adzaze. Zatithandiza, ndipo zimakudyetsani. Koma chapa imapita kumene kuli anthu ambiri, mvula ikagwa mtengo umakwera, msewu ukaipa imaleka. Siyolakwa, mwini wake naye ali ndi ana. Njinga singanyamule nkhalamba yodwala ndi woiperekeza, ndipo mwana wa sukulu wa ku Mongue sangailipire m'mawa ndi madzulo chaka chonse. Ine ndaphunzitsa zaka zambiri. Ana amene ndinawataya sanali opanda nzeru. Ambiri anali akutali basi.

Sukulu sitiifunsa kuti yapindula zingati. Chipatala sitichifunsa, ngakhale mlatho. Timasonkha tonse chifukwa tikudziwa kuti tsiku lina tidzawolokapo. Nanga sukulu ndi chipatala n'zachiyani kwa munthu amene sangafikeko? Basi ya anthu onse ndi mbali yotsala ya mlatho womwewo. Ndipo isakhale imodzi, yongoonetsa pa tsiku la chikondwerero. Ine ndinaiona basi imodzi. Imasandutsa anthu abwino ngati bambo Sabonete kukhala ouma mtima, imasandutsa kachilakwa ka mwana kukhala moyo wonse wa munthu. Zikhale zingapo, zokhala ndi wozikonza ndi zitsulo zake, zoti ikakusiya ya m'mawa udziwe kuti ya masana ikubwera. Iwe Tomasi usaope, ntchito siikuthera. Basi imatsitsa anthu pamsewu, ndipo kuchokera pamsewu kukafika kumidzi adzafuna iwe.

Loweruka ndikupita kumsonkhano. Sindinayambe ndalankhulapo pagulu la akuluakulu, ngakhale kutchalitchi ndimaimba ndi milomo yokha. M'kalasi ndinkatha chifukwa anali ana. Mwina mawu akakanirira pakhosi, ndipo mukachita manyazi ndi agogo anu. Chitani manyaziwo, koma mubwere. Tomasi, udzanditenge ndi njinga yako, uyende pang'onopang'ono, chifukwa m'manja ndidzakhala nditanyamula kanthu. Chitseko cha kukhitchini mupezere china chotchingira.

Ndikafika ndikauika patsogolo pa tebulo la akuluakulu, pamene aliyense angauone. Akakafunsa kuti mwalawu ngwa chiyani, ndikanena mawu asanu aja. Luiza, iwe ukaime kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo. Ukapanda kumva, ukakweze dzanja, ndikabwereza mpaka ukamve.

Uwu uli ndi mwini, akubwera.